Zimene mabuku amanena za njala, nthaka ndi nkhalango zathu

Zikomo amfumu, zikomo akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndathokoza kuti mwasiya makasu ndi mitondo n'kubwera kudzamva nkhani ya mabuku. A komiti anandipempha kuti ndilankhule za mabuku ofotokoza ubale wa munthu ndi chilengedwe komanso mmene dziko likusinthira. Mabuku otere ndi ochuluka kwambiri, choncho ndasankha ochepa amene ndinawawerenga mofatsa, ndipo ambiri mwa iwo akunena za dziko lathu lomwe lino.

Ndiyambe ndi dzina limene aliyense pano akulidziwa, dzina la Napolo. Makolo athu ankati pansi pa mapiri pamakhala chinjoka chachikulu, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba phiri n'kutsetsereka ndi madzi, miyala ndi mitengo, osasiya kanthu m'njira mwake. Mu Disembala 1946 Napolo anatsika paphiri la Zomba, mu Malichi 1991 anatsika ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zochokera paphiri la Soche zinakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Malemu Steve Chimombo, amene anali mphunzitsi ku Chancellor College, anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Napolo Poems mu 1987. Chimene chimandikhudza n'chakuti munthu wophunzira chotero sanaiseke nkhani ya makolo ngati bodza la anthu osadziwa, koma anaitola n'kuipatsa malo aulemu m'buku. Ine ndimaona kuti dzina la Napolo lili ngati nkhokwe, momwe anthu ankasungiramo chikumbutso cha zigwa ndi makwawa amene madzi anadutsamo kale. Mwana amene anauzidwa kuti apa ndi panjira ya Napolo sankamangapo nyumba atakula.

Buku limene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi la mayi wina wa ku Britain, katswiri wa mbiri yakale, dzina lake Megan Vaughan. Linatuluka mu 1987, mutu wake ndi The Story of an African Famine, ndipo likunena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Mvula ya dzinja limenelo inadula mbewu zisanakhwime, chimanga chinapserera m'minda, ndipo njala inalowa m'midzi. Akuluakulu a boma la atsamunda anali ndi mayankho awo okonzeratu. Ena ankati anthu achuluka kuposa nthaka, ena ankati alimi atanganidwa ndi fodya n'kuiwala chakudya, enanso ankati kalimidwe ka munthu wakuda kakuguga nthaka. Mayiyu anawerenga zikalata zonsezo, koma sanalekere pomwepo. Anapita m'midzi kukakhala pansi ndi anthu amene anaiona njalayo ndi maso awo, ndipo anamvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba posinja pamtondo.

Amayi amene muli pano mukudziwa kuti nyimbo ya pamtondo simaimbidwa chabe. Zimene mkazi sangathe kunena pabwalo pamaso pa amfumu, amazinena munsi uli m'manja. M'nyimbo zimenezo munali nkhani imene zikalata za boma zinaisiya. Amuna ambiri anachoka kuti akasake chakudya kumadera ena, ena anabwera nacho n'kupulumutsa mabanja awo, koma ena sanabwererenso, anabwerera kwa abale awo kapena anakakwatira kumene kunali chimanga. Mudziwa kuti m'madera a chikamwini mwamuna ndi mkamwini, mizu yake ili kwawo, ndiye zinthu zitathina ena anangonyamuka. Akazi anatsala ndi ana ndi nkhalamba. Chakudya chimene boma linkagulitsa ndi kugawa chinkafika mosavuta kwa anthu apantchito ndi amuna okhala ndi ndalama, pamene mkazi wosiyidwa, yemwe ndalama ankaipeza pofulula mowa kapena pogulitsa zakudimba, anapezeka kuti njira zake zonse zatsekeka nthawi imodzi.

Mfundo ya bukuli ndiyo yakuti mvula inadulira aliyense mofanana, koma njala sinapweteke aliyense mofanana. Chilala chimachokera kumwamba, koma amene adzagone ndi njala ndi amene adzadye zimatsatira mmene anthu akhalira pakati pawo: ndani ali ndi munda, ndani ali ndi ndalama, ndani ali ndi mbale womukumbukira, ndani dzina lake lili pakaundula wa olandira. Ife amene tinaona njala ya 2002 tingachitire umboni. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, mtengo wa chimanga unakwera mosaneneka, ndipo chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike pachimake. M'mudzi umodzi womwewo munali nyumba zophika kawiri patsiku ndi nyumba zimene mafuwa anazizira. Choncho mukamva anthu akunena za kusintha kwa nyengo, musamangoyang'ana mitambo yokha. Muzifunsanso kuti, mvula ikadula chaka chino, m'mudzi mwathu muno ayambe kugwa ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani akhale iyeyo.

Buku lina analemba ndi Mmalawi mnzathu, Wapulumuka Mulwafu, nayenso katswiri wa mbiri yakale. Limatchedwa Conservation Song, linatuluka mu 2011, ndipo limatsata ubale wa alimi, boma ndi chilengedwe kuyambira 1860 mpaka 2000. Agogo athu amakumbukira mawu akuti malimidwe, ndipo samawakumbukira mokondwa. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda linaika malamulo okakamiza mlimi aliyense kuunga mizere yopingasa ndi kukumba migula, kuzula mapesi pa nthawi yoikika, ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena ankatsekeredwa m'ndende, ndipo nthawi zina mbewu zinkazulidwa m'munda mwini wake akuona. Alangizi anasanduka ngati apolisi. Ku Chigwa cha Shire anthu anakana kwamtuwagalu kuunga mizere panthaka yawo yathyathyathya ndi yotentha, imene iwo ankaidziwa bwino kuposa obwera. Mkwiyo wa malimidwe unathandiza kwambiri kuti anthu a m'midzi alowe m'gulu lomenyera ufulu wa dziko lino.

Tsono taonani chodabwitsa. Lero mizere yopingasa ili m'munda wa aliyense, ndipo pamalo otsetsereka imagwiradi madzi ndi nthaka. Ena mwa malangizo aja sanali oipa. Chimene chinalakwika n'chakuti anabwera ndi chikoti, osafunsa mwini munda kuti kodi inu nthaka iyi mumaisunga bwanji, pamene alimi anali ndi nzeru zawo zakale za matutu, za kugoneka munda ndi za kubzala mbewu zosakaniza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndikunena izi chifukwa ngakhale lero kumabwera mapulojekiti a mitengo, mbande zimagawidwa, zithunzi zimajambulidwa, koma pakatha chaka mitengo yophuka ndi yowerengeka, poti palibe amene anafunsa kuti anthu akufuna mtengo wanji, adzaubzala pamalo a yani, ndipo mbuzi adzaziletsa ndani.

Nkhani yofanana ndi imeneyi inachitikanso kutali, m'dziko la Guinea kumadzulo kwa Africa, ndipo inalembedwa ndi James Fairhead ndi Melissa Leach m'buku la 1996 lotchedwa Misreading the African Landscape. M'dera la Kissidougou midzi yambiri yazunguliridwa ndi timankhalango, pamene pakati pa mudzi ndi mudzi pali udzu. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati timankhalangoto ndi zotsalira za nkhalango yaikulu imene anthu anaiwononga, ndipo anthu ankalangidwa chifukwa cha zimenezo. Ofufuza awiriwa atayerekeza zithunzi zakale zojambulidwa pandege ndi zatsopano, n'kufunsanso akuluakulu a m'midzi, anapeza kuti m'malo ambiri mitengo inali kuchuluka, ndipo eni midzi ndiwo ankaimeretsa ndi kuiteteza kumoto. Anthu amene ankatchedwa owononga ndiwo anali olera nkhalango.

Koma abale anga, musandimve molakwa. Sindikunena kuti ife kuno tilibe mlandu. Nkhalango zathu zikuthadi, ndipo sitifunika buku kuti tidziwe zimenezo. Amene anaona phiri la Ndirande lili ndi mitengo akudziwa mmene linametedwera m'zaka za m'ma 1990. Matumba a makala akutsika m'mapiri usiku ndi usana panjinga. Mkungudza wa paphiri la Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'malo ake achilengedwe. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 asodzi anaonanso mabwato awo atakhala pamatope ong'aluka. Chimene mabukuwa amandiphunzitsa ndi kufunsa funso mpaka pamapeto. Wootcha makala timamuona, koma wogula makalawo ali m'tauni, kumene magetsi ndi odula ndiponso osadalirika. Tikamanga wootcha yekha, mawa kubwera wina, chifukwa mphika wa m'tauni ukudikirabe moto.

Pali malo amodzi amene ndimafuna achinyamata awadziwe. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, mzimu umene anthu a kumeneko amaupempha mvula. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, anakhala zaka zambiri akufufuza za chipembedzo chimenechi, ndipo mu 1992 anatulutsa buku lotchedwa River of Blood. Kunkhalango imeneyo anthu sadula mtengo mwachisawawa, ndipo chaiteteza kwa zaka mazanamazana si mpanda wa waya, koma ulemu ndi mantha a eni dera. N'chimodzimodzi ndi manda athu. Mukayenda m'midzi yambiri lero, malo okhawo amene mungapeze mitengo yachilengedwe ikuluikulu ndi kumanda. Kaya munthu amapemphera kuti, ayenera kuvomereza kuti makolo anali ndi malamulo osunga dziko, ndipo malamulowo ankamveka chifukwa anali a anthu eni ake. Paja amati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina zimatengera mlendo kuti atikumbutse mtengo wa chinthu chimene takhala tikuchipondaponda.

Nditchule mwachidule buku limodzi la kunja limene linagwedeza dziko. Mu 1962 mayi wa ku America, Rachel Carson, analemba Silent Spring, momwe anaonetsa kuti mankhwala ophera tizilombo, makamaka DDT, sathera pa tizilombo tokha. Amalowa m'nthaka ndi m'madzi, nsomba ndi nyongolotsi zimawadya, mbalame zimadya nsombazo, ndipo poizoni amanka naunjikana m'thupi la chilichonse chodya chinzake. Makampani opanga mankhwala anamunyoza kwambiri, iye anamwalira mu 1964, koma mu 1972 dziko la America linaletsa DDT paulimi. Ndimakumbukira bukuli ndikaona munthu akupopera tomato lero n'kukamugulitsa mawa, kapena akutsuka sipuleya mumtsinje umene ana amasambamo ndipo amayi amatungamo madzi akumwa.

Vuto lalikulu limene ndiyenera kulinena mosabisa ndi lakuti mabuku onse amene ndatchulawa ali m'Chingerezi, ambiri ndi odula, ndipo amapezeka m'malaibulale a masukulu aukachenjede, kutali ndi anthu amene nkhani zake ndi zawo. Zimandipweteka kuti nyimbo za agogo athu aakazi zikuwerengedwa ku London, pamene zidzukulu zawo sizinazimvepo. Komabe laibulale yaing'ono si chinthu chochepa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002, ndipo m'kalaibulale ka kwawo ndi momwe anapeza buku limene linamupatsa nzeru yopanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009.

Ndiye pempho langa kwa amfumu ndi a komiti ndi ili. Tigule makope angapo, ndipo achinyamata odziwa kulemba agawane nyumba za akuluakulu a m'mudzi muno. Akafunse kuti mtsinje wathu unkaphwa mwezi uti kale ndipo lero ukuphwa mwezi uti, zitsime zakale zinali pati, ndi mitengo iti imene inali yoletsedwa kudula ndipo chifukwa chake chinali chiyani, madzi osefukira anafika pati m'zaka zoipa, anthu ankadya chiyani m'nthawi ya njala ndipo zakudya zam'tchirezo ankazikonza bwanji kuti zisawaphe. Alembe m'Chichewa, m'mawu enieni a wolankhulayo, ndipo alembe chaka ndi malo. Amayi akaimba nyimbo ya pamtondo, ilembedwe yonse osadumpha mzere. Makope amenewo azisungidwa kwa amfumu, ndipo pamsonkhano wotsatira tidzawerenge poyera zimene zapezeka kuti amene akukumbukira mosiyana adzakonze.

Agogo amene munaiona njala ya 1949 muli ana, ndikudziwa kuti mwatsala ochepa, ndipo ndikupempha kuti tikatseka musafulumire kunyamuka. Atsikana awiri abwera ndi kope ndi cholembera, ndipo tiyambira kwa inu lero lomwe. Zikomo amfumu, ndabweza mawu kwa a tcheyamani.