Musatchule mtengo nyumba musanaione

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambiri muno mumagwira maganyu okonza m'nyumba, ena pa Boma pompano, ena m'makoteji a kunyanja, kuyambira ku Namiasi, Makawa mpaka ku Monkey Bay. Kukolopa mumakudziwa kuposa ine. Pomwe tikugwa ndi pa mtengo.

Munthu waimba foni: "Ndili ndi kanyumba kakang'ono, mundikonzera zingati?" Inu pomwepo mwatchula. Kukafika, kanyumba kaja n'ka zipinda zinayi, kotseka chichokereni Pasaka. Mileme yaipitsa kudenga, akangaude amanga paliponse, mchenga wa kunyanja uli tho m'makona, matailosi a m'bafa achita chikasu. Ntchito ya masiku awiri, ndalama ya theka la tsiku. Ndiye kaioneni kaye nyumbayo. Lowani chipinda chilichonse, tsegulani chimbudzi, suzumirani kuseri kwa firiji, werengani mawindo. Mwiniwake akati ali ku Lilongwe, auze mlonda akutsegulireni, apo ayi atumize zithunzi pa WhatsApp.

Mwaiona, tsopano khalani pansi ndi cholembera. Tiyerekeze mwagwirizana K15,000. Yamveka yambiri eti? Kabaza kupita ndi kubwera wadya K4,000. Sopo, Jik, Vim ndi kobra wa pansi, K5,000. Nkhomaliro K2,000, poti simungakolope ndi njala dzuwa la Mangochi lino. Yatsala K4,000. Komanso munatenga mnzanu wokuthandizani. Mwagawana zingati? Eya, K2,000 aliyense, msana ukuwawa. Apo sitinawerenge mopu, tsache ndi ndowa, zomwe zimathanso. Botolo la Jik likamakwanira nyumba zinayi, nyumba iliyonse izilipira gawo lake. Poyankhulana funsiranitu: zipangizo agula ndani? Mitengo ikhale iwiri, wobwera ndi zanu ndi wokapeza zawo.

Ena akuuzani kuti boma linanena kale malipiro. Zoona, mu 2024 boma lidaika K52,000 pamwezi ngati malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pakhomo, ndipo chiwerengerochi chimasinthidwa, mutha kukafunsa chatsopano ku ofesi ya zantchito. Koma ameneyo ndi wolembedwa, sopo ndi wa abwana, mwezi ukatha ndalama yake ilipo. Inu mwina sabata yonse maganyu awiri okha. Musalole kuti akuyezereni pamenepo.

Chinanso, mtengo si mwala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo adakwera, kabaza adakwera, koma alipo muno akulipiritsabe mtengo wakale chifukwa cha manyazi. Auzeni makasitomala anu mwaulemu, nthawi ilipo: "Mayi, kuyambira mwezi wamawa ndiwonjezerako, zipangizo zakwera." Wanzeru amva, nayenso amagula kumsika komweko.

Koma chilungamo chikhale mbali zonse, apa ndinene ndithu. Pali ena amayamba ayang'ana galimoto ili panja, kapena akaona mzungu, mtengo n'kuuwirikiza katatu. Eni makoteji amadziwana, amauzana. Mudya kamodzi basi. Mtengo uchokere pa kukula kwa nyumba ndi kuda kwake. Nyumba yomwe mumapitako sabata iliyonse siida kwambiri, muwatsitsireko. Nyengo yotanganidwa, monga Khirisimasi, Eid, kapena pa 15 Okutobala anthu akamakhamukira kunyanja pa Tsiku la Anakubala, kuwonjezera pang'ono si kuba, bola munene ntchito isanayambe.

Ndiye pali kaja kakuti, "Poti mwabwera kale, tangochapaniko makatani awa." Mukuseka, mwakumana nako! Kuchapa, kusita, kutsuka mapoto a phwando la dzulo, imeneyo ndi ntchito ina, mtengo wakenso wina. Musakane mwamwano, ingonenani: "Ndichapa bambo, koma pakhala kenakake pamwamba." Zomwe mwagwirizana zilembeni, ngakhale pa meseji.

Ndipo inu nokhanokha lekani kupondana. Wina watchula K20,000, mnzake akuzembera kuseri kukati ine ndichita ndi K8,000. Mawa onse awiri muzidzalandira K8,000 yomweyo. Pa gulu lanu la banki mkhonde kambiranani mtengo womwe aliyense asatsikirepo.

Akamalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, akumbutseni aikepo yotapira, apo ayi kwa ejenti idulidwa ndi yanu. Mayi awo akweza dzanja kalekale, funsani mayi.