Zimene Magazi Amaulula Tizilombo Tikalowa M'mitsempha

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Tiyambe ndi vuto lake. Bala, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena chilonda cha uchembere zimatha kutsegulira mabakiteriya njira yolowera m'magazi. Akalowa, thupi limalimbana nawo mpaka kudzipweteka lokha, impso ndi mapapo n'kuyamba kufooka. Kuchipatala timati sepsis, ndipo imapha m'masiku ochepa.

Njira yotsimikizira ndi kalicha: timathira magazi m'botolo la chakudya cha tizilombo, n'kudikira kuti timere. Koma zimatenga tsiku limodzi kapena awiri, nthawi zina mpaka 5, ndipo zipatala zambiri zilibe makina ake. Ndiye timadalira kaye kuyeza kwa masiku onse, kuja kowerenga maselo a m'magazi, pa pepala amalemba FBC, komwe zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo.

Pamenepo timayang'ana asilikali a m'thupi, maselo oyera aja. Munthu wamkulu wathanzi amakhala nawo 4,000 mpaka 11,000 pa kadontho kamene timayeza. Akapitirira 12,000, nkhondo ilipo. Koma mumve bwino apa: akatsika pansi pa 4,000 munthu ali ndi kutentha thupi, si nkhani yabwino ayi, mwina asilikali atha kunkhondo. Asilikaliwa alinso m'magulu. Mabakiteriya akalowa, gulu la neutrophil limachuluka pamene la lymphocyte limachepa. Tikagawa chiwerengero cha oyamba ndi cha achiwiri, wathanzi amapeza 1 mpaka 3. Zikadutsa 10, dokotala amakayikira kwambiri kuti tizilombo tili m'magazi. Palinso mapulateleti, omwe amaundanitsa magazi pabala. Amayenera kukhala 150,000 kapena kuposa. Akatsikira pansi pa 100,000, wodwalayo asachoke pamaso pathu.

Kumene amayeza CRP, chomwe chiwindi chimatulutsa pakakhala kutupa, dziwani kuti chimachedwa: chimayamba kukwera patatha maola 6 mpaka 8, n'kufika pachimake pakatha pafupifupi masiku awiri. Choncho chikatuluka chotsika m'mawa woyamba, sitinena kuti munthu ali bwino.

Tsono apa ndi pamene anthu timasokonezeka. Manambalawa amaloza, satchula dzina la tizilombo. Malungo nawonso amatsitsa mapulateleti ndi kukweza CRP. Tayifodi nthawi zambiri sakweza asilikali oyera, ndipo mwa munthu amene chitetezo chatsika ndi HIV angakhale ochepa kale. Choopsa n'chakuti mwana angakhale ndi malungo ndi mabakiteriya a Salmonella m'magazi nthawi imodzi. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene akhala akuyeza kalicha kwa zaka zambiri, mtundu umenewu ndi umodzi mwa opezeka kwambiri. Mwana akamwa LA masiku awiri koma thupi lili moto, kapena akuipiraipira, bwererani naye msanga, musadikire kuti amalize mankhwala.

Zolakwika zina zimachitika potenga magazi. M'kabotolo ka chivindikiro chapepo muli mankhwala oletsa kuundana, ndipo kamayenera kutembenuzidwa pang'onopang'ono kangapo. Kakapanda kutero, magazi amachita timibulu, makina n'kuwerenga mapulateleti ochepa mwabodza. Pa kalicha, khungu lisapukutidwe mwachangu: sipiriti aume kaye, chala chisakhudzenso pobayapo, apo ayi timene timamera ndi tizilombo ta pakhungu chabe. Wamkulu amafunika mamililita 8 mpaka 10 pa botolo lililonse. Musadandaule kuti akutha magazi, ndi masupuni ang'ono awiri okha. Akachepa, tizilombo timaphonyeka.

Cholakwika chachikulu chimachokera kunyumba: makapisozi opha mabakiteriya a pagolosale. Mukamwa awiri atatu musanabwere, tizilombo timagona osafa, kalicha n'kutuluka wopanda kanthu pamene matenda alipo. Ngati mwamwa kale, nenani, ndipo bweretsani pepala lake.

Pomaliza, zizindikiro zoti musadikire nazo kucha: wamkulu wopuma maulendo 22 kapena kuposa pa mphindi, wobwebweta kapena wosazindikira abale ake, wosakodza tsiku lonse, manja ndi mapazi zitazizira. Khanda losakwana miyezi iwiri likakana bere, likatentha kufika madigiri 38, kapenanso likazizira pansi pa 35.5, nyamukani usiku womwewo, buku lake lakuchipatala lili m'manja.