Sitima sidikira munthu

Zikomo amayi a tcheya. Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji nonse? Akumbuyo sunthirani kuno, mawu angawa ndi ochepa.

Nkhani ija munaiona pa gulupu, ya banja lakuno ku Lilongwe lomwe linatsala pa doko la Maputo, sitima yapamadzi ya alendo okaona malo ikupita iwo akuiona ndi maso. Mayina sinditchula, ndi anzathu. Anatsika m'mawa, anapeza takisi yawoyawo, anakadya nsomba kunyanja, pobwerera magalimoto anathithikana pamsewu. Zovala, mankhwala a shuga, zonse zinapita ndi sitima ku Durban. Ndiye poti gulu lathu lasonkha chaka chonse kuti tikakwere sitima yomweyi, ndati tikambirane lero. Sitima sidikira munthu. Si minibasi ya mu depoti yoti kondakitala amenya chitseko kuti dikirani, mayi akubwera apo.

Sitima ikaima pa doko, njira zokaonera malo zilipo ziwiri. Yoyamba, mugula ulendo kwa eni sitima. Basi ndi yawo, wokuperekezani ndi wawo, ndipo basiyo ikachedwa sitima imadikira, apo ayi iwo ndiwo amaona njira yokufikitsani pa doko lotsatira. Yachiwiri, mutsika n'kudzipezera nokha takisi kapena woperekeza. Ndi yotsika mtengo, mupita komwe mtima wafuna, koma mukachedwa mlandu ndi wanu. Ndege, hotela, chakudya, zonse kuthumba kwanu.

Ife vuto lathu timalidziwa. Msonkhano uno tinati 2 koloko, ena mwalowa 3 koloko itadutsa, mukumwetulira. Sindikukalipa ayi, ndikukuderani nkhawa. Kumeneko akalemba kuti aliyense akhale atakwera pofika 4:30, ikakwana nthawiyo amachotsa mlatho wokwerera.

Ndipo nthawi yake ndi ya sitima, osati ya foni yanu. Malawi, South Africa ndi Mozambique wotchi ndi imodzi, pamenepo tapuma. Koma inu amene mukufuna ulendo wautali wa ku Mauritius, kumeneko ali patsogolo pathu ndi maola awiri. Foni yopanda netiweki ikhoza kukuuzani kuti ndi 2 koloko pamene ku Port Louis, likulu la Mauritius, ili 4 koloko. Valani wotchi yapamkono, muitchere mofanana ndi ya sitima musanatsike.

[Bambo wina: Pepani mayi, ndidule pang'ono. Maulendo a eni sitimawo ndamva kuti ndi a madola. Ndi mmene madola akusowera kubanki muno, tiwatenga kuti? Si bwino tingodziyendera?]

Bambo mwafunsa zoona, ndipo sindikuuzani kuti mugule chilichonse chomwe akutsatsa. Ndalamayi taivutikira. Funso lodzifunsa ndi ili: komwe ndikupitako ndi kutali bwanji ndi sitima? Ku Maputo, siteshoni yakale ya sitima yapamtunda, nyumba yokongola ija, ili pafupi ndi doko. Msika waukulu ndi linga lakale la Apwitikizi zilinso dera lomwelo. Pamenepo mukhoza kuyenda nokha muli anayi kapena asanu, n'kubwerera nthawi ilipo. Pa Portuguese Island, kachilumba ka ku Mozambique, sitima imaponya nangula patali, amakuolotsani ndi maboti ang'onoang'ono, ndipo kukhala pamchenga n'kusambira sikulira kugula ulendo wina. Chachikulu n'kudziwa nthawi ya boti lomaliza.

Koma mukafuna zakutali, monga kuchoka Port Louis kupita ku Chamarel kokaona dothi lamitundumitundu lija, umenewo ndi ulendo woposa ola limodzi kupita kokha, ndipo madzulo misewu yolowera mumzinda imadzadza. Apo ine ndikuti lipirani a sitima. Madola amene mukuwaumirawo ndi ochepa poyerekeza ndi tikiti ya ndege yochokera pachilumba. Ganiziraninso agogo athu awa ndi bondo lawoli, ndi amene mukutenga ana. Takisi ikafa panjira ku Mozambique, dalaivala akulankhula Chipwitikizi, inu Chichewa ndi Chingerezi, mugwira mtengo wanji?

China bambo, sitimazi zimayenda nyengo yadzinja, yomwenso ndi nyengo ya anamondwe kunyanja ya Indian. Freddy wa 2023 sitinamuiwale. Nyanja ikakalipa, kaputeni amatha kulumpha doko, makamaka malo oolotsa ndi maboti ngati Pomene ku Mozambique. Ulendo wogula pasitima amakubwezerani ndalama. Koma munthu amene munamupeza pa Facebook n'kumutumizira ndalama zonse, mukamupeza kuti? Musalipiretu zonse kwa munthu amene simunamuone. Mufunseni kaye: sitima ikapanda kuima, ndalama yanga ibwera?

Ndaona ena ayamba kusuzumira mafoni, ndipo a kwaya akudikira chipinda chino, ndiye ndithamange. Madzulo aliwonse amakupatsani ndondomeko ya tsiku lotsatira, ijambuleni pa foni, pali nthawi yokwerera ndi nambala ya wothandiza sitimayo pa doko. Mukaona kuti mwachedwa imbani nambala imeneyo, musachite manyazi. Mukamadziyendera, konzani zobwerera kutatsala maola awiri, ndipo yambani ndi malo akutali, apafupi mumalizire. Mtengo wa takisi gwirizanani musanakwere, wopita ndi wobwerera, ndalama mupereke pomaliza. Khadi lolowera m'sitima, mankhwala anu, kope la pasipoti ndi ndalama pang'ono zikhale pathupi, za pasipoti yeniyeniyo tsatirani zomwe a sitima anena. Inshuwalansi ya ulendo mugule, ndipo mufunse ngati imalipira munthu wotsala pa doko. Ngati ulendo ukudzera ku Réunion, chilumbacho ndi cha France, za viza mufufuziretu tili kuno. Osatsika wekha. Ndabwerezanso, sitima sidikira munthu.

Amayi a tcheya, ndathera pomwepa. Amene akufuna maulendo a eni sitima alembetse kwa alembi tisanabalalike, kuti tidziwe madola oti tikapemphe kubanki.