Linga limene silitulutsa munthu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Ku Normandy, m'dziko la France, pamwamba pa thanthwe loyang'ana mtsinje wa Seine, pali mabwinja a linga lotchedwa Château Gaillard. Mfumu Richard I ya ku England ndiyo inalimanga kuyambira 1196 mpaka 1198, pofuna kutsekera mfumu ya France njira yopita ku Rouen, mzinda waukulu wa Normandy. Richard anamwalira mu 1199, ndipo mu 1203 mfumu Philip II ya ku France inabwera ndi asilikali nkulizinga.

Anthu a m'mudzi wa kunsi kwa phiri, Petit-Andely, anathawira m'lingamo podziwa kuti makoma ake ngolimba. Koma mkulu wa asilikali oteteza lingalo, Roger de Lacy, atawerengera chakudya chimene chinatsala, anatulutsa onse osatha kumenya nkhondo: amayi, ana, nkhalamba. Magulu oyamba adani anawalola kudutsa, kenako Philip analetsa. Otsalawo atabwerera kuchipata anapeza chotseka. Kutsogolo adani, kumbuyo anthu awo omwe. Anagona pansi pa makomawo miyezi yonse yozizira, ndipo ambiri anafa ndi njala. Lingalo linagwabe pa 6 Malichi 1204.

Chondiwawa pa nkhaniyi nchakuti Roger sanachite misala. Anaganiza monga msilikali aliyense: pakamwa pachuluka, ufa wachepa. Pothawira pa anthu pamakhala potero, pamakusunga ukadali waphindu.

Miyambo 18:10 imati dzina la Yehova ndilo linga lolimba, wolungama amathamangiramo napulumuka. Ndipo pa Yohane 6:37 Ambuye Yesu akulonjeza kuti wodza kwa Iye sadzamtaya kunja. Sadzayamba wafunsa ngati uli ndi mphamvu, ngati ukugwira ntchito, kapena ngati chopereka chako chimaoneka. Nkhokwe yake siphwa, nchifukwa chake sawerenga milomo.

Inu amene mwadzuka lero mukudziona ngati mtolo kwa abale chifukwa cha matenda, ulova kapena ukalamba, lonjezo ili ndi lanu. Enafe amene tili ndi makiyi a chipata, kunyumba kapena kumpingo, tidzifunse amene tamutsekera kunja pomati ndi wongodya.

Tipemphere: Atate, tilandireni mmene tililimu. Kumbukirani amasiye, odwala ndi othawa nkhondo amene agona panja usiku wathawu, ndipo mutipatse mtima wowatsegulira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.