Makalata a omvera: za ndalama za sukulu yathu tikafunse ndani?

Mwaswera bwanji omvera nonse. Makalata ambiri a sabata ino akukhudza kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale, ndiye tiyambe ndi ya mayi ena a m'chigawo chapakati, amene apempha kuti tisawatchule dzina.

"Bambo muulutsi, ndili ndi ana atatu pa sukulu imodzi. Timamva kuti boma limatumiza ndalama chaka ndi chaka, koma chimbudzi cha atsikana chinagwa ndi mvula ya chaka chatha ndipo mpaka lero pali dzenje lovundikira ndi mapesi. Ana a sitandade 2 akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Mwana wanga wamng'ono anabwezedwa chifukwa sitinasonkhe ya mlonda. Nditafunsa pa msonkhano, apampando a komiti anati nkhani za ndalama si za aliyense. Kodi ndinalakwa kufunsa?"

Mayi, simunalakwe ngakhale pang'ono. Ndalama mukunenazo ndi zija amati SIG, zimene boma limapereka kuti sukulu izitukulira zinthu zake. Zimalowa mu akaunti ya sukulu ku banki, ndipo zimayenera kugwira ntchito motsatira pulani imene aphunzitsi, komiti ya sukulu, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), gulu la amayi ndi mafumu amakhalira pansi n'kugwirizana. Komitiyo inasankhidwa ndi inu makolo. Ikamakana kunena kuti zinabwera zingati ndipo zinagula chiyani, yaiwala amene anaituma. Ndalamazi n'zochepa, nthawi zina zimachedwa, ndipo mwina sizingakwane chimbudzi cha njerwa. Koma ngati zili choncho, chovuta n'chiyani kubwera ndi malisiti pa msonkhano, kapena kumata pepala pakhomo la ofesi ya ahedi kuti aliyense aziwerenga?

Za mwana wobwezedwayo zandiwawa. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kukhala pa sukulu. Makolo akagwirizana zosonkha ya mlonda, ngongoleyo ndi ya kholo, si ya mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Tsono muchite izi. Musapite nokha, tengani makolo anzanu awiri kapena atatu, mukaonane ndi ahedi mwaulemu ndipo mupemphe msonkhano wa PTA. Zikakanika, pitani kwa a PEA, alangizi a zoni yanu, amene amapezeka ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirana ndi kusulidwira. Iwo ndiwo amayendera sukulu za m'deralo. Pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ku khonsolo, ija tinazolowera kuti kwa a DEM. Dandaulo lanu mulembe, tsiku mulembepo, kope lina musunge. Mawu apakamwa amakanidwa mosavuta.

Kalata yachiwiri ndi ya mphunzitsi wa kumudzi, kumwera.

"Achimwene, kalasi langa lili ndi ana opitirira 100. Ndikamamaliza kuitana mayina, nthawi ya masamu yatha theka. Pa sukulu ina pafupi ndi tauni aphunzitsi awiri amagawana kalasi limodzi. Amagawa aphunzitsi ndani?"

Aphunzitsi, tikuthokozeni kaye pokhalabe kumeneko. Mulingo umene boma limafuna ndi wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, ndiye inu mukusenza katundu wa anthu pafupifupi awiri. Chiyambireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, ntchito zambiri za sukulu za pulayimale zinapita ku makhonsolo, ndipo kugawa aphunzitsi m'sukulu za m'boma lanu kumadutsira ku ofesi ya maphunziro ya komweko mothandizana ndi a PEA. Vuto ndi lakuti munthu amatumizidwa kumudzi, akapeza kulibe nyumba, chipatala chili kutali, posakhalitsa wayamba kupempha kuti asamutsidwe. Ena zifukwa zawo n'zomveka, monga matenda. Ena amangodziwana ndi akuluakulu, ndipo ichi ndicho chikupweteka ana akumudzi.

Pemphani ahedi alembe chiwerengero cha ana ndi aphunzitsi kalasi ndi kalasi, komiti isayinire, chipite kwa a PEA, china kwa khansala wa dera lanu kuti akachitule ku khonsolo. Nkhani ya nyumba za aphunzitsi ipite ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, kuti ilowe m'mapulani a chitukuko.

Pomaliza, bambo ena akufunsa mwachidule ngati amfumu angathe kungoloza anthu a m'komiti ya sukulu. Ayi bambo. Amfumu amaitanitsa anthu, amalangiza, amamema anthu kuumba njerwa, koma komiti imasankhidwa ndi makolo pa msonkhano. Ngati kwanuko zinachitika mwa mtundu wina, uzani a PEA kuti chisankho chichitike poyera.