Ma fly asanu okha oyambira kuwedza trout ndi bluegill

Moni nonse, takulandiraninso! Lero ndi tsiku la ma fly. Ngati mwagula kumene ndodo yanu yowedzera ndipo mwaima kakasi m'sitolo kuyang'ana timabokosi todzaza nthenga, vidiyoyi ndi yanu. Musachoke, chifukwa pakatipo pali bodza limodzi lomwe limandinyansa zedi.

Zoyambira mwachangu. Fly ndi mbedza yomwe amaimangirira nthenga, ubweya ndi ulusi kuti nsomba iziyesa kachilombo. Dry fly imayandama, nymph imamira, streamer imasambira ngati kansomba. Mbedza zimakhala ndi manambala a kukula kwake: nambala ikamakula mbedza imachepa, ndiye 16 ndi yaing'ono kuposa 10. Basi, tapita.

Yoyamba, Woolly Bugger. Anaimanga Russell Blessing wa ku Pennsylvania mu 1967. Tengani yakuda kapena yobiriwira modera, nambala 8 kapena 10. Iponyeni, idikireni imire, kenako muzikoka chingwe pang'onopang'ono. Trout imaiyesa msundu kapena kansomba, ndipo crappie, imodzi mwa nsomba zing'onozing'ono za m'madziwe a ku North America zomwe amazitcha panfish, nayo siiphonya.

Yachiwiri, Adams, nambala 14. Ndipo apa ndiye pagona nkhani.

Mumva anthu akuti, "Kuti ugwire trout, fly yako izifanana ndendende ndi kachilombo komwe kakuuluka tsiku limenelo." Ena amafika pokuuzani kuti muloweze mayina a tizilombo m'Chilatini, mugule ma fly mazanamazana, apo bii mubwerako chimanjamanja. Abale anga, ayi! Taiyang'anitsitsani Adams iyi, ndaiyandikiza ku kamera. Leonard Halladay anaimanga ku Michigan mu 1922, ndipo mnzake Charles Adams anakaiyesa cha ku mtsinje wa Boardman. Thupi lotuwa, nthenga zofiirira zosakaniza ndi zamawangamawanga. Ikufanana ndi kachilombo kati? Palibe kenikeni. Imangofanana pang'ono ndi tizilombo tambirimbiri, ndipo papita zaka zoposa 100 ikugwirabe nsomba.

Chomwe chimathawitsa trout kawirikawiri ndi mayendedwe a fly. Kachilombo kogwera m'madzi kamatengedwa ndi madzi pa liwiro la madziwo. Chingwe chanu chikakungika, fly imayamba kukwakwaza chopingasa, kusiya kamzere pamwamba pa madzi, ndipo nsomba imangoiyang'ana n'kubwerera pansi. Inu mukatero mumati fly ndi yolakwika, mwasintha, mwasinthanso, dzuwa mpaka kulowa muli pa ntchito yomanga mfundo. Konzani chingwe, chisiyeni chikhwepe pang'ono. Sindikukana, alipo masiku omwe trout imakakamira mtundu umodzi wa kachilombo, makamaka m'mitsinje yoyenda phee komanso yodzaza asodzi. Koma ngakhale pamenepo, yambani mwachepetsa nambala musanathamangire kugula zina. Amene mukutsutsa, lembani m'munsimu, ndiwerenga. Mukatero mudinenso like ndi subscribe, n'zaulere.

Yachitatu ikungotsimikiza zomwezi: Pheasant Tail Nymph, nambala 14 kapena 16. Frank Sawyer, yemwe ankasamalira mtsinje wa Avon ku Wiltshire, England, anaimanga ndi zinthu ziwiri zokha, waya wa kopa wopyapyala ndi nthenga za kumchira kwa mbalame ya pheasant. Miyendo sanaikepo n'komwe, poti anaona kuti timphutsi ta m'madzi tomwe fly iyi imatsanzira tikamasambira timapinda miyendo. Trout imadya chakudya chake chambiri pansi pa madzi, choncho mukaona kuti pamwamba pali zii, mangani iyi.

Yachinayi, Elk Hair Caddis ya Al Troth, ya mu 1957. Simira msanga, imaoneka patali. Nambala 14. Kwatha.

Yachisanu ndi ya bluegill, nsomba inanso ya m'gulu la panfish lija: popper yaing'ono (fly yoyandama yomwe imachita kaphokoso mukaikoka) kapena kangaude wa foam wa miyendo ya labala, nambala 10 kapena 12. Bluegill ili ndi kakamwa kakang'ono, mbedza yaikulu ingoijompha osalowa. Ponyani pafupi ndi udzu wa m'madzi, ndiye mudikire mpaka timafunde tithe. Mudikire ndithu, musapupulume! Kenako igwedezeni kamodzi. Ana akafuna kuphunzira, ayambire pamenepa, sachedwa kugwira.

Inu amene mukuonera muli ku Malawi, bluegill muiwale kaye, koma rainbow trout iliko kumadzi ozizira a kumapiri, monga madamu a ku Chelinda ku Nyika komanso pa phiri la Zomba. Zinayi zoyambazo n'zokwanira. Funsani kaye za chilolezo ndi nyengo yololedwa musanaponye.

Fly iliyonse mugule zitatuzitatu, chifukwa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikulandani zina. Kamnga ka kumbedza kaja kafinyeni ndi pulayala kuti nsomba isavulale poibweza m'madzi, komanso kuti tsiku lomwe mbedza idzakole khutu lanu idzatuluke mosavuta. Vidiyo yotsatira ndikuonetsani mfundo yomangira fly ku chingwe, ndiye dinani kabelu kaja kuti isakupiteni.