Kulera mwana si adoption: mawu a Chingerezi oti muwadziwe

Muli bwanji nonse a ku Ntcheu, Lizulu, Tsangano mpaka ku Dedza boma? Ngati mukudzaza fomu ya sukulu, ya pasipoti kapena ya viza ya mwana amene simunabereke nokha, musachoke.

Tiyambe mwachangu. Choyamba, biological parents kapena birth parents ndi makolo omubereka mwana. Musamanene kuti real parents, chifukwa zimawawa kwa amene akumulera. Chachiwiri, stepmother ndi mayi omupeza, stepfather ndi bambo omupeza. Abale a mayi mmodzi koma abambo osiyana amatchedwa half-brother kapena half-sister. Chachitatu, foster parent amasunga mwana kwa kanthawi kudzera ku ofesi ya Social Welfare, pomwe guardian ndi woyang'anira mwana m'malo mwa makolo.

Dinani subscribe tisanafike pa chachinayi, chomwe ndi adoption, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Mumva munthu akunena kuti:

"Ndinamutenga ali wakhanda mchemwali wanga atamwalira, ndiye ndi adopted child." Ayi, abale anga, ayi! Kwathu mwana wa mchemwali wanu ndi wanu ndithu, amakutchulani mayi aang'ono, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma pa fomu ya Chingerezi inu ndinu aunt, iye ndi nephew kapena niece. Ngakhale mwamulera zaka 15, ngakhale amfumu ndi amalume onse akudziwa, adoption imachitika kukhoti kokha. Lamulo lake ndi Adoption of Children Act. Wofuna kutenga mwana ayenera kukhala atakwanitsa zaka 25, a Social Welfare amafufuza pakhomo n'kulemba lipoti, makolo kapena woyang'anira mwanayo amavomereza, kenako khoti limapereka adoption order. Pepalali likatuluka, udindo wonse wa makolo omubereka umasamukira kwa inu, ndipo pamenepo mpamene mumatchedwa adoptive parents.

Komanso adopted child sikuti amakhala orphan, kapena kuti mwana wamasiye, nthawi zonse. Mwana amene woyimba wa ku America Madonna anamutenga ku Mchinji mu 2006 bambo ake anali moyo, ndipo nkhaniyo inadutsa ku High Court ku Lilongwe.

Ndiye mukalemba son kapena adopted pa fomu ya viza popanda pepala la khoti, akakufunsani umboni, zolemba zanu zidzasemphana ndi satifiketi ya kubadwa ya ku National Registration Bureau (NRB), ndipo fomu ikhoza kukanidwa.

Chachisanu, next of kin, tidzachikamba mu vidiyo ya Lachisanu. Lembani mafunso anu m'munsimu, ndipo tumizirani vidiyoyi achibale amene akulera ana amasiye.